Dimba Lanu Kuyambira Chisanu Mpaka Chirimwe

Mvula yatha. Chimanga chiri m'nkhokwe, mpunga wapunthidwa. Madzi amene anadzaza madambo akubwerera kunyanja pang'onopang'ono, ndipo m'mbuyo mwake akusiya nthaka yakuda, yonyowa bwino. Inu a kwa Mwambo ndi a kwa Kuntumanji mukuidziwa nthaka imeneyi. Ndiyo nthaka ya dimba.

Phunziro lino ndi lanu, inu amene mumalima ndiwo ndi zipatso kuti mukagulitse ku Jali, ku Govala, ku Kachulu, ku Songani kapena kumsika waukulu wa ku Zomba. Tikambirana za miyezi isanu: Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti ndi Seputembala. Miyezi imeneyi siifanana ayi. Itatu yoyambayo ndi yachisanu. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi. Pofika Seputembala dzuwa limakhala litayamba kuwawa. Dimba limene munkalithirira patalipatali mu Juni, mu Seputembala lifuna madzi pafupipafupi. Kachirombo kamene simunkakaona mu Juni, mu Seputembala kali ponseponse.

Werengani modekha. Mukapeza mawu ovuta, funsani aphunzitsi anu kapena mnzanu wa m'kalasi.

Chisanu cha kuno

Tiri ndi mwayi chifukwa kuno ndi kuchigwa. Nyanja ya Chilwa iri pamalo okwera mamita pafupifupi 620 kuchokera panyanja yaikulu yamchere, pamene nsonga ya phiri la Zomba ipitirira mamita 2,000. Chisanu chimene chimawaula mbewu usiku ku Dedza ndi ku Ntcheu sichifika kuno kawirikawiri. Nchifukwa chake kabichi, repu, mpiru, tchayinizi, anyezi ndi tomato zimakula bwino kuno mu Juni ndi Julayi.

Komabe chisanu chimachedwetsa mbewu. Mbande za tomato zimene zimakwana kuwokera pa masabata 4 kukamatentha, mu Juni zingatenge masabata 5 kapena 6. Chimanga cha m'dimba nachonso chimaima ngati chadwala. Musathamangire kuthira fetereza wambiri poganiza kuti mbewuyo iri ndi njala. Ndi chisanu chabe. Kukayamba kufunda idzakula.

Choopsa kwenikweni ndi chiperoni. Kunja kumachita mitambo masiku atatu kapena anayi, kamvula kowaza kali kugwa, dzuwa osaoneka. Dzina limeneli linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene mitamboyi imadzera. Masamba a tomato akakhala onyowa usana ndi usiku kunja kukuzizira, chiwawu chimalowa. Mudzaona mawanga akuda pamasamba ndi pamtengo pake, kenaka munda wonse ngati wapsa ndi moto. Sabata imodzi ndi yokwanira kuti dimba lonse lithe.

Tsono musathirire tomato pamasamba. Thirani madzi pansi, patsinde. Thirirani m'mawa kuti masamba aume dzuwa likatuluka. Zikani mitengo ndi kumangirira tomato wanu kuti asagone pansi. Thyolani masamba a m'munsi amene akukhudza dothi, ndipo amene agwidwa kale ndi chiwawu mukawakwirire kutali ndi dimba. Mankhwala oteteza chiwawu, monga Dithane ndi ena a kopa, amathandiza mukawapopera nthenda isanalowe. Tsamba limene lapsa kale silichira.

Nazale

Mlimi wina amagula mbande pamsika. Zimenezi nzachangu, koma simudziwa nthenda imene mwagula nayo pamodzi. Ndi bwino kukhala ndi nazale yanuyanu.

Sankhani malo oti simunalimepo tomato kapena kabichi chaka chatha, kufupi ndi madzi. Bedi likhale la mita 1 m'lifupi, kuti dzanja lanu lizifika pakati popanda kupondapo. Likwezeni pang'ono. Sakanizani dothi ndi manyowa oola bwino. Manyowa aawisi amaotcha mizu. Fesani m'mizere, osati momwaza, ndipo musakwirire mbewu mozama: sentimita 1 ndi yokwanira. Phimbirani ndi udzu wouma. Mbewu zikangomera, chotsani udzuwo ndi kuuika pakathandala pamwamba.

M'nyengo yachisanu mbande zambiri zimafa chifukwa cha madzi ochuluka. Zimaola patsinde nkugwa, ngati wina wazidula. Dothi likakhala lonyowa, lekani kuthirira tsiku limenelo. Mbande zikathithikana, zipatulireni.

Kukatsala sabata imodzi kuti muwokere, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi. Mukatero mbande zimakhwima ndipo sizifota zikafika kumunda. Wokerani madzulo, dzuwa litapepa.

Pali chinthu china chimene ambirife timaiwala. Mbewu nazo ziri ndi mabanja. Tomato, tsabola, mabiringanya, mbatata ya kachewere ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo zimadwala nthenda zofanana. Kabichi, repu, mpiru ndi tchayinizi ndi banja lina. Mukazula tomato nkupeza mizu yake iri ndi zotupa, kapena tomato akamangofota masamba ali obiriwira, nthenda iri m'dothi. Pamalo amenewo bzalanipo chimanga kapena anyezi. Musabwerezepo tomato kapena abale ake kwa zaka zingapo.

Madzi

Apa ndiye pagona nkhani. Dimba ndi madzi.

Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ndipo iribe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira m'nyanjamo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja imaphwa. Akuluakulu akukumbukira chaka cha 1968. Ambiri a inu mukukumbukira 1995, pamene anthu ankayenda pansi kuchokera ku Kachulu kupita ku Chisi. Mu 2012 madzi anachepa kwambiri, ndipo mu 2018 mbali yaikulu ya nyanja inauma, mabwato nkukhala pamatope. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzaza nyanja ndi kumiza minda yambiri. Mwaona? Palibe chaka chofanana ndi chinzake.

Nchifukwa chake musanalime, yambani mwaona madzi amene muli nawo chaka chino. Musayese dimba ndi mphamvu za manja anu mu Meyi. Liyeseni ndi madzi amene adzatsale m'chitsime mwanu mu Seputembala. Funsani mtima wanu: chaka chatha chitsime chimenechi chinaphwa mwezi uti? Ndinkatunga makeni angati pa tsiku? Ambiri timatsegula mabedi 30 mu Meyi madzi ali mbwee, koma pofika Seputembala madzi akukwanira mabedi 10 okha. Mbewu, fetereza ndi thukuta za mabedi 20 enawo zapita pachabe. Ine ndimati bola mabedi 12 othiriridwa mpaka kukolola.

Nthaka yakuda ya makande imasunga madzi bwino, koma ikauma imang'ambika ming'alu yaikulu. Ming'aluyo imadula mizu ndipo imataya chinyezi cha pansi. Mankhwala ake muli nawo kale: mapesi a mpunga. Chaka ndi chaka timawatentha m'minda, utsi uli tolotolo. Atuteni mukaphimbire mabedi anu. Mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo nawonso amagwira ntchito yomweyo. Bedi lophimbira silitaya madzi msanga, udzu sumera wambiri, ndipo zophimbirazo zikaola zimasanduka manyowa. Koma musaunjike zophimbira patsinde penipeni, kuopa chiswe ndi kuola.

Tomato safuna kuti lero amwe kwambiri, kenaka akhale masiku asanu osamwa. Mukatero zipatso zimang'ambika, zina zimada kunsi kwake nkuola. Anthu ena amati walodzedwa, ena amagula mankhwala opopera. Ayi ndithu. Vuto ndi kathiriridwe. Thirirani mofanana, pa masiku ake.

Tsopano za mchere. Popeza nyanja yathu iribe potulukira, mchere umene mitsinje imabweretsa umatsalira momwemo. Mzungu uja David Livingstone atafika panyanjayi mu Epulo 1859 anapeza madzi ake ali a mchere, ndipo makolo a kuno ankatcheza mchere kuchokera m'dothi. Madimba oyandikira nyanja ndiwo amavutika kwambiri, makamaka kuyambira Ogasiti. Mudzaona zoyera ngati ufa pamwamba pa dothi. Mbewu zimapinimbira, masamba amapsa m'mbali, ngakhale mukuthirira. Lawani madzi a m'chitsime mwanu mwezi uliwonse. Akayamba kumveka mchere, dziwani kuti nyemba, anyezi ndi karoti ndizo ziyambe kufooka. Tomato ndi kabichi amapirirako pang'ono. Pamalo otero phimbirani kwambiri, thirani manyowa ambiri, ndipo pothirira thirani madzi okwanira kuti atsitse mcherewo pansi. Kuwaza timadzi tochepa pamwamba kumangokokera mchere kumizu. Fetereza wochuluka amawonjezera vutoli, pakuti nayenso ndi mchere.

Inu a ku sikimu ya Likangala ndi masikimu ena mukudziwa kuti m'chirimwe madzi a m'ngalande sakwanira minda yonse. Madzi omwewo akufunidwa ndi a kumtunda, a m'tauni ya Zomba, ndi inu a kumunsi. Pitani kumisonkhano ya bungwe lanu la madzi. Masiku othirira alembedwe papepala, ndipo inu mukopere m'kope mwanu. Kutseka ngalande usiku kuti madzi apite kwa inu nokha kwadanitsa abale ambiri. Chimodzimodzi inu amene muli ndi pampu yopondaponda, ya injini kapena ya dzuwa: mukamapopa mumtsinje, kumbukirani kuti kumunsi kuli mayi wina amene ali ndi keni yokha.

Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango ndi nsenjere zigwire gombe. Dothi limene limagumuka pamenepo ndi lomwe likukwirira nyanja.

Madzi omwewa alinso ndi matenda. M'ngalande ndi m'zithaphwi muli nkhono zofalitsa likodzo. Valani majombo ngati muli nawo, ndipo mukaona magazi pokodza pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Kolera imene inabuka ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700. Musatsuke ndiwo zogulitsa m'madzi a mumtsinje kapena m'chithaphwi. Tsukani ndi madzi a pamjigo. Chitsime cha kudimba chitchingeni ndi mitengo, ana angagweremo.

Kukayamba kufunda

Mphepo ya mwera ikamaomba mu Ogasiti, dothi limauma msanga ndipo mbewu zanthete zimathyoka. Mpanda wa udzu kapena wa bango umatchinga mphepo. Umatchinganso mbuzi ndi ng'ombe zimene eni ake amazimasula akatha kukolola. Konzani mpanda mu Julayi. Kupita kwa amfumu mbuzi itadya kale kabichi sikubweza kabichiyo.

Nthawi yomweyi tizirombo timaswana kwambiri. Khalani ndi chizolowezi choyendera dimba m'mawa, kawiri kapena katatu pa sabata, mukutembenuza masamba. Tizirombo tambiri timabisala kunsi kwa tsamba.

Pa repu, mpiru ndi kabichi mudzapeza nsabwe zotuwa zitaunjikana, masamba atapota. Mudzapezanso timbozi tobiriwira toboola masamba a kabichi. Pa tomato ndi mabiringanya mudzapeza akangaude ofiira, ang'onoang'ono ngati fumbi. Masamba amachita timadontho tachikasu, kenaka amauma ali ndi ulusi. Akangaude amenewa amakonda kutentha ndi fumbi, ndipo amachokera m'mapesi a tomato wakale amene mwawasiya ali chiriri m'dimba. Mukatha kukolola zulani mapesiwo nthawi yomweyo.

Koma mdani wamkulu wa tomato masiku ano ndi kachirombo kotchedwa Tuta. Makolo athu sankakadziwa. Kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, kanafalikira mu Africa, ndipo kuno ku Malawi kanayamba kuoneka cha m'ma 2016. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa, kakang'ono, kouluka usiku. Kamaikira mazira pamasamba. Mbozi yake ikaswa imalowa m'kati mwa tsamba nkumadya iri momwemo, ndipo tsamba limaoneka ngati liri ndi mawindo oyera. Kenaka imaboola chipatso, kawirikawiri pafupi ndi pamene chagwirira. Kunja tomato ali psuu, m'kati muli mbozi. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukamatentha, Tuta amatenga mwezi umodzi wokha kuchokera pa dzira kufika poikiranso mazira. Ndiye ganizani mmene amachulukira kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala. Popeza mbozi iri m'kati mwa tsamba, mankhwala ambiri saifika, ndipo ena inawazolowera kale. Mukapopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata mukungotaya ndalama. Chothandiza ndi ichi. Yambani kuyang'ana kuyambira ku nazale. Thyolani masamba oboolawo pamene akadali ochepa, muwakwirire mozama kapena muwatenthe. Tomato woola musamutaye m'mbali mwa dimba. Zulani mnadzi womera wokha pafupi, chifukwa Tuta amakhalanso m'menemo. Funsani alangizi a zaulimi za mankhwala amene akugwira ntchito chaka chino, ndi za kasinthidwe kake. Ndipo kambiranani ndi anzanu oyandikana nawo. Kagulugufe sikadziwa malire a dimba. Inu mukasamala, mnzanu nkusiya mapesi ake, kadzabwera ndithu.

Chimanga chachiwisi nacho chiri ndi mdani wake, mbozi zonga ntchemberezandonda zimene zinafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016 ndi 2017. Zinaononga kwambiri mwakuti mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Mbozizi zimakhala mu mtima wa chimanga. Mukaona masamba obooka ndi zitosi zonga utuchi, fufuzani. Dimba likakhala laling'ono, zipheni ndi manja. Alimi ena amathira mchenga kapena phulusa mu mtima mwa chimangacho. Kumbukiraninso kuti chimanga cha m'dimba ndicho chimasunga mbozizi mpaka mvula itagwa.

Werengani botolo

Kale munkati mukagula mankhwala mumangomva za wogulitsa. Tsopano mukudziwa kuwerenga. Pepala la pabotolo liri ndi zinthu zinayi zofunika: dzina la mankhwala, tizirombo timene amapha, muyeso wake, ndi masiku oti mudikire musanakolole. Yang'ananinso tsiku limene mankhwalawo adzathe mphamvu. Pa mabotolo ambiri pali mzere wa mtundu m'munsi mwa pepala. Wofiira ndiye woopsa kwambiri, kenaka wachikasu, kenaka wabuluu, ndipo wobiriwira ndiye wochepa ukali. Ngati malangizo alembedwa m'Chingerezi chokha, pitani nalo botololo kwa alangizi. Safunsa anadya phula.

Musagule mankhwala opungulira m'timabotolo topanda pepala. Simudziwa chimene chiri m'katimo. Boma liri ndi bungwe loona za mankhwala amenewa, la Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa aliyense ayenera kukhala ndi chilolezo chake.

Pali khalidwe lina loipa limene ndiyenera kulinena mosabisa. Alimi ena amapopera repu lero, mawa nkukagulitsa. Ena amapopera tomato wothyola kale kuti aziwala pamsika. Amene adye ndiwo zimenezo ndi mwana wa mnzanu, mwinanso wanu yemwe. Ngati botolo lati dikirani masiku 7, dikirani masiku 7. Lembani m'kope tsiku limene mwapopera, kenaka werengani masikuwo.

Popopera valani zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, mangani nsalu pamphuno, ndipo mphepo izichokera kumbuyo kwanu. Poperani madzulo, njuchi zitapita. Mayi woyembekezera kapena wobereka mwana kumbuyo asapopere. Mukatha sambani ndi sopo. Sipuleya musatsukire mumtsinje kapena m'ngalande, pakuti madzi onsewa akupita kumene kuli matemba, makumba ndi milamba. Nyanjayi ndi madambo ake zinalembedwa m'kaundula wa Ramsar, wa malo a madzi ofunika pa dziko lonse lapansi, chifukwa cha mbalame ndi zamoyo zake. Ngakhale mthuthu ndi nimu, zimene ambiri amasinja ndi kuviika kuti aphere nsabwe, muzisamale nazo. Paja mthuthu umapha nsomba.

Mitengo ya zipatso

Mango amachita maluwa mu Julayi ndi Ogasiti. Zokolola za mu Novembala ndi Disembala zimaoneka nthawi imeneyi. Mukaona maluwa ayera ngati wina wawaza ufa, kenaka nkuda ndi kuyoyoka, imeneyo ndi nthenda, ndipo imakonda usiku wozizira ndi mame. Mtengo wothithikana umadwala kwambiri. Nthambi zouma ndi zopingasa muzidulira mukangotha kuthyola mango, osati pamene maluwa atuluka. Mtengo waukulu wa boloma sungapoperedwe, koma mitengo yomezanitsa monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt ndi yaifupi, ndipo mungathe kuiteteza.

Lambulani kuzungulira mitengo yanu mwezi wa Julayi usanathe. Moto wa osaka mbewa umayamba nthawi imeneyi, ndipo utsi ndi malawi zimagwetsa maluwa. Mitengo imene munabzala ndi mvula yapitayi ndiyo iri pa ngozi yaikulu. Mizu yake sinafike pansi. Ikonzereni beseni, muziithirira sabata iriyonse, muiphimbire ndi kuitchinga kuopa mbuzi. Mphukira zotuluka m'munsi mwa pamene anamezanitsa muzizichotsa, chifukwa zikakula mtengowo ubwerera kukhala wamakolo.

Pa nthochi samalani ndi chisaka. Nthenda imeneyi inatha nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay. Masamba amakhala aafupi, opyapyala, oimirira, ounjikana pamwamba, ndipo nthochiyo siibereka. Imafala ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi ana a nthochi amene timapatsana. Iribe mankhwala. Mukaiona, kumbani phata lonse ndi mizu yomwe, muliduledule kuti liume. Musatenge ana a nthochi kwa munthu chifukwa chakuti ndi mbale wanu. Yambani mwaona munda wake.

Msika

Tsopano tiyeni tiwerenge miyezi. Tomato amatenga miyezi pafupifupi inayi kuchokera pofesa kufika pothyola m'nyengo yozizira. Tonse timafesa mu Epulo ndi Meyi, tikatha za kumunda. Ndiye kuti tonse timathyola mu Ogasiti ndi Seputembala. Alimi a ku Thondwe, a ku Namadzi ndi a ku Ntcheu nawonso akuthyola nthawi yomweyo. Chaka chimene nyanja yaphwa, asodzi nawo amalowa m'dimba. Pamsika pamakhala pofiira ndi tomato, ndipo venda ndiye amatchula mtengo. Inu simungakane, chifukwa tomato wakupsa sadikira.

Tiyeni tichite samu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anuanu. Tinene kuti mwagula mbewu ya K6,000, fetereza wa K30,000 ndi mankhwala a K15,000. Aganyu mwawalipira K20,000. Kabaza ndi chiphaso cha pamsika zatenga K14,000. Zonse pamodzi ndi K85,000. Mwathyola madengu 20. Mukagulitsa dengu pa K4,000, mupeza K80,000. Ndalamazo zidzaoneka zambiri m'manja, koma mwaluza K5,000, osawerengera thukuta lanu. Mukagulitsa dengu lomwelo pa K9,000, mupeza K180,000, ndipo phindu lanu ndi K95,000. Dimba ndi lomwelo, ntchito ndi yomweyo. Chasintha ndi mwezi wogulitsira.

Nchifukwa chake kope ndi lofunika ngati khasu. Tsamba limodzi lembani zotuluka, lina zolowa, ndi tsiku lake. Musadalire mitengo ya chaka chatha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, ndipo fetereza, mbewu ndi mankhwala zinakwera nthawi yomweyo. Amene sanalembe anagulitsa pa mtengo wakale osadziwa kuti akuluza.

Nanga mungatani kuti musagwere m'gulu? Musafese mbewu yonse tsiku limodzi. Gawani paketi patatu, muzifesa pakapita masabata atatu. Mukatero mudzathyola pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo mtengo ukagwa sabata ino simuluza zonse. Musalime tomato yekhayekha. Mpiru, repu ndi tchayinizi mumayamba kuthyola patangopita mwezi umodzi chiwokerereni, ndipo zimakupatsani ya sopo ndi mchere sabata iriyonse. Zikatsala pamsika, futsani. Mfutso udzagulidwa ndiwo zikadzasowa. Kukayamba kutentha, bonongwe, nkhwani ndi therere zimapirira kuposa kabichi.

Anyezi ali ndi ubwino wina: amadikira. Masamba akayamba kugwa, lekani kuthirira. Mukazula muumitseni bwino pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi litauma. Anyezi wouma bwino mungamusunge miyezi ingapo, nkudzagulitsa mtengo utakwera.

Ngati tomato wanu ndi wopita kutali, ku Zomba kapena ku Limbe, sankhani mtundu wolimba monga Tanya kapena Tengeru, yochokera ku Tanzania. Money Maker ndi wofewa, amaphwanyika panjinga. Kuchokera ku Kachulu kufika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo tomato wa pansi pa dengu amamva bampu iriyonse. Thyolani atangoyamba kufiira, m'mawa kapena madzulo, ndipo muike pamthunzi. Sankhani: wamkulu payekha, wamng'ono payekha, wobooka atsale. Mukasakaniza, venda adzaloza wobookayo nkutchula mtengo wa dengu lonse. Mukakhala alimi asanu kapena khumi, gwirizanani za muyeso wa dengu ndi mtengo venda asanafike, ndipo mmodzi aimbe foni kumsika kuti amve mtengo wa tsikulo.

Tomato amadula kwambiri m'dzinja, kuyambira Januwale mpaka Malichi, chifukwa ndi wovuta kulima ndi mvula. Amene akufuna mtengo umenewo afese kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okotobala. Koma mbande zimenezo musaziwokere kudambo, chifukwa pofika Januwale kudzakhala kuli madzi. Zipezereni malo okwera, pamizere italiitali yosasunga madzi, kufupi ndi chitsime choti chikuthandizeni mpaka mvula itagwa. Mitengo yozika ndi mankhwala a chiwawu zikhale ziripo mvula isanayambe. Chaka choyamba yesani ndi mizere yochepa, ndipo mulembe m'kope zimene mudzaone.